Mpando wa Ansembe pa Boti la Ababa

Osaka, 19 Meyi 1974

Kiyoji, mlongo wanga,

Moni kwa iwe ndi onse a ku Kashiura. Ife kuno tili bwino. Mwana wanga Noboru akudya ngati chiswe, alamu ako akungoonjezera mimba.

Tsono tamvera. Nkhani yoti Ababa anagwa pa chiwongolero ndaimva kwa akazi a a Denzo, anzawo osodza nawo aja, osati kwa iwe amene umadya nawo mbale imodzi. Akuti maondo anangowathawa boti likulowa padoko, boti n'kukagunda khoma, iwo n'kugwera m'dengu la nsomba miyendo m'mwamba. Akutinso adokotala a ku Fukue anena kuti munthu wa maondo otere asaimirirenso tsiku lonse. Iwe unali kuti? Usayankhe, ndikudziwa: kutchalitchi, kuphunzitsa ana a eni katekisimu.

Ine ndaganiza kale. Pa chaka cha Maria Wotengedwa Kumwamba, pa 15 Ogasiti, ndikubwera, ndipo pobwerera ndidzawatenga. Chipinda chilipo, chipatala chili pafupi. Botilo apatseni a Denzo, kapena mulisandutse khola la nkhuku, ine sizikundikhudza.

Undiyankhe msanga, ndipo undiuze zoona. Usandilembere ulaliki.

Ndine mlongo wako wamkulu,
Fusae

Kashiura, 2 Juni 1974

Achemwali anga okondedwa,

Atamandike Yesu Khristu. Ndathokoza Mulungu pomva kuti nonse muli moyo. Kodi chifuwa cha Noboru chinatha?

Ndivomere msanga kuti ndinakubisirani. Bodza sindinanene, koma ndinakhala chete mwadala, ndipo ine ndemwe ndimaphunzitsa ana kuti ziwirizi n'zapachibale. Ababa anandilumbiritsa. Za miyendo m'mwamba n'zoona. Za dengu la nsomba, mayi aja aonjezera ulemu, linali dengu la nyambo.

Kalata yanu ndinawawerengera titatha kudya. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati, "Ku Osaka ndikatani? Kuwongolera chikepe cha m'nyumba zosanja?" Ananenanso mawu ena okhudza alamu, amene sindingalembe ndi dzanja lomwe ndimachitira chizindikiro cha mtanda.

Achemwali, munthu uyu mukamuchotsa panyanja sadzaiona Khirisimasi. Chimwalirire amayi, amene amacheza nawo ndi boti. Ine amangondituma. Boti ndiye amaliuza nkhani.

Koma taganizani: adokotala sanati asiye nyanja. Anati asiye kuimirira. Ndiye ndaganiza zowakhomera mpando pa chiwongolero. Ndikudziwa kuti mwaseka kale, chifukwa mukudziwa za kwathu kuno. Woyendetsa boti amaima, chiwongolero chili pantchafu, manja ali pa chingwe. Okhala pansi m'boti ndi alendo, odwala ndi mkwatibwi. Ababa amati agogo anafa ataimirira, ngakhale Azakhali Tsuyako amati anafera pogona atakumbatira botolo.

Kuwayeza eni ake sindingayerekeze, angandimenye ndi nkhafi. Ndayeza buluku lawo lili pachingwe. Azakhali anandipezerera ndagwira rula kumbuyo kwa bulukulo, anaseka mpaka kutsamira mtengo, koma alonjeza kusunga pakamwa.

Pempho langa nali. Ababa akavomera kukhala pa mpando chisanadutse chaka cha Maria, muwasiye kuno. Akakana, ine ndemwe ndidzawanyamulira katundu kukakwera sitima. Munditumizirenso mabauti amkuwa, a kuno ndi achitsulo, amadyedwa ndi dzimbiri.

Ndikukukumbukirani pa kolona.

Mlongo wanu,
Kiyoji

Osaka, 13 Juni 1974

Kiyoji,

Moni. Chifuwa chinatha, wayamba mphere.

Iwe kalipentala? Kashelefu kaja unakhomera chifaniziro cha Maria uli ku sekondale ukukakumbukira? Mayi Woyera anakhala atapendekeka chaka chathunthu ngati aledzera, mpaka anadumphira mumphika.

Komabe ndavomera, chifukwa ndikudziwa kuti sindiluza. Ababa kukhala pansi anthu akuona? Nsomba zidzayamba zavala nsapato. Koma ukhale mpando weniweni, ndipo akhalepo masiku onse, osati kungogusa thako tsiku lomwe ine ndafika.

Mabauti ndatumiza. Alamu ako akufunsa kuti mawu aja anali otani. Ndawauza kuti anali madalitso.

Fusae

Kashiura, 14 Julayi 1974

Achemwali anga okondedwa,

Atamandike Yesu Khristu, ngakhale lero ndikulemba mawu amenewa ndi manyazi. Muli bwanji? Kuno thupi lili bwino, mzimu ndiye uli pamoto.

Mpando watha. Koma muwerenge muli nokha.

Kwa a Gonpei okhoma maboti ndinapezako matabwa auwisi okhaokha, ndipo thabwa lauwisi likaona nyanja limapindika ngati nsomba pamoto. Sabata yomweyo mpingo unalandira kanyumba kolapira katsopano kuchokera ku Nagasaki. Bambo Mfumu Shimozaki anandiitana nati, "Kiyoji, kakaleka n'kodalitsidwa, sikangasanduke khola kapena shelefu. Ukakaotche konse, phulusa ukathire kumanda."

Ndinati chabwino Abambo. Ndinatenga nkhwangwa ndi machesi. Achemwali, matabwa a mtengo wonunkhira uja wa kusu, ochindikala, ouma ngati fupa, osaola ngakhale muwamize! Satana sanabwere ndi nyanga, anabwera ndi rula m'thumba mwanga. Ndinayeza thabwa limene ansembe amakhalira: ndendende buluku la Ababa. Lilinso kale ndi timaenje tiwiri tosalala, ntchito imene anaiyamba malemu Bambo Rivel, Mfalansa wonenepa uja, n'kuipitiriza onse obwera pambuyo pake. Palibe mmisiri angaseme chomwecho.

Makoma, denga ndi chogwadira ndinaotcha. Thabwalo ndinabisa. Ndipo popeza tchimo limaitana linzake, ndinatenganso kazenera kamabowo kamene timanong'onezerapo machimo. Kakhala chotsamira. Kamalowetsa mphepo kumsana bwino kwambiri, Mulungu andikhululukire.

Ntchito yokha, ndinene modzichepetsa, yatuluka. Miyendo ndaipanga yaitali kuti aziona kutsogolo kudutsa kanyumba ka injini, yakumbuyo yofupikirapo chifukwa pansi pa boti m'potsetsereka. Polumikiza ndasema ndi tchizulo, thabwa kulowa mu linzake, msomali wanga palibe. Mabauti anu ndamangira pansi, nsonga zake n'kuziphwanya ndi hamala kuti mafunde asazimasule.

Ababa atafika anauzungulira, anaununkhiza, n'kuyang'ana kazenera kaja nthawi yaitali.

"Kiyoji, kabowo kothethekaka ndikukadziwa. Ndinkapisamo chala ndili mwana."

A Denzo, amene amasodza nawo aja, anathamangira kuseri kwa chotsamira, n'kugwada, n'kunong'oneza: "Mundidalitse Abambo, ndachimwa. Ndinaba nyambo ya Masugoro mwini botiyu, ndinasiriranso mlongo wake."

Ababa anawagenda ndi nsapato. Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Pamenepo ine sindikhalapo. Woyendetsa boti amatukwana. Amatukwana injini, mafunde, ndi Denzo. Nditukwane bwanji ndili pomwe pankakhala ansembe? Ndiponso maondo anga alibe vuto."

Ndiye akuyenda ataimirira pambali pake. Pa mpandopo akhazikapo ketulo.

Chondiwawa kwambiri n'chakuti sindingathe kulapa, popeza wondimvera ndiye mwini katundu. Loweruka ndinalowa m'kanyumba katsopanoko, ndinanena za ulesi ndi mkwiyo, lalikulu ndinatuluka nalo. Pa Misa sindikulandira, ndipo azimayi ayamba kundiyang'ana ngati ndapereka mimba penapake. A Denzo alumbira kuti sauza akazi awo. Inunso chonde musauze munthu, makamaka Bambo Mfumu. Munditumizire nzeru, ngati muli nazo zotsala.

Mlongo wanu wochimwa,
Kiyoji

Osaka, 27 Julayi 1974

Kiyoji,

Moni, ngati uli moyo. Chitumizireni mabauti sindinamve kanthu. Ndaona pa wailesi yakanema kuti namondwe anadutsa kwanuko, sitima zinaima. Denga lilipo?

Noboru wagwidwa ndi chikuku, maso ngati a nkhanu. Pa chaka cha Maria sindibwera. Koma usasangalale, pangano lilipobe. Azakhali Tsuyako akhala maso anga, ndipo akandilembera kuti Ababa akuimirirabe, mu Sepitembala ndili padoko ndi matikiti awiri.

Usandione ngati mfiti. Amayi anatsirizika ine ndili m'sitima, ndinafika mwawatseka kale maso. Telefoni ya kufakitale ikalira, mpaka lero ndimalasa chala ndi singano. Sindikufuna kuitanidwa kachiwiri, tsono ulendo uno n'kuuzidwa kuti mtembo akuufunafuna.

Chete wakoyu ndikumudziwa, akutanthauza kuti akana. Ndiye ngakhale tili pa mpikisano, ndakuthandiza. Ndalembera Bambo Mfumu Shimozaki. Ndawapempha kuti tsiku lodalitsa maboti akwere boti lathu, aone mpando wako bwinobwino, audalitse pawokha, n'kulamula Ababa akhalepo. Ansembe okha ndi amene Ababa amawaopa.

Usavutike n'kundithokoza.

Fusae

Osaka, 30 Julayi 1974

Kiyoji,

Kalata yako ya pa 14 yangofika lero, yamakwinya, inki itayenderera, ikununkha nyanja. Thumba la makalata liyenera kuti linanyowa.

Ndaseka mpaka Noboru wadzuka. Timaenje ta Bambo Rivel! Iwe amene unkalira ukaponda nyerere Lachisanu Loyera!

Kenaka ndakumbukira zimene ndalembera Bambo Mfumu. Mayo ine. Kalata ija inapita kalekale.

Pepa, mlongo wanga. Uchotse mpandowo, uponye m'nyanja.

Fusae

Kashiura, 9 Ogasiti 1974

Achemwali,

Atamandike. Denga lilipo. Noboru akupeza bwanji? Mumupake mafuta, asakande.

Makalata anu onse awiri ndalandira, ndipo sindikukusungirani mangawa, ngakhale kwa kanthawi ndinakufunirani chikuku inunso. Tchimo limenelonso ndalionjezera pa mulu.

Lamulungu itatha Misa, Bambo Mfumu anandigwira paphewa. "Ndamva kuti tili ndi Yosefe Woyera wathu pamudzi pano. Ndikulakalaka kuona ntchito yako." Ndinamwetulira ngati nsomba youma.

Kuchotsa ndayesa. Koma nsonga za mabauti ndinaziphwanya ndekha, mpando sungachoke popanda kutenga thabwa la pansi pa boti. Dzulo masana Ababa anandipeza ndagwada ndi sowo.

"Ukacheka boti langa, ine ndicheka iwe."

Ndinawauza zonse: kuti ansembe akubwera kudzauona, kuti andichotsa pa katekisimu, kuti ana amene ndimawaphunzitsa lamulo loletsa kuba adzandiimba nyimbo mpaka ndikalambe. Ndinalira pang'ono, ndivomere. Iwo anangoti, "Machesi unali nawo, amene anakugwira dzanja ndani?" N'kubwerera ku ukonde wawo, akutsimphina.

Ndiye ndaluza mbali zonse, achemwali. Mbiri yanga yapita, Ababanso apita. Konzani chipinda. Zenera lake liyang'ane kumadzi, ngakhale a mu ngalande.

Kiyoji

Kashiura, 17 Ogasiti 1974

Fusae mwana wanga,

Ndine azakhali ako. Moni. Kamnyamata kachira? Chikuku sichiopsa, bambo ako anadwala ali ndi ndevu kale, anangoonjezera kunyansa.

Unati ndikhale maso ako. Maso anga akalamba koma zimene aona dzana ndidzakafotokozera amayi ako kumwamba, ngati adzandilowetse.

Itatha Misa tinatsikira kudoko monga mwa nthawi zonse. Maboti onse mbendera petupetu, oyendetsa aliyense ali chiimire pa chiwongolero chake, chipewa m'manja. Bambo Mfumu akuyenda boti ndi boti kuwaza madzi odalitsidwa. Wonyamula ndowa ya madziwo anali Kiyoji. Mmene ankanjenjemera, nkhanu zonse za padoko zabatizidwa.

Za mpandowo usaganize kuti n'chinsinsi. Denzo anauza mkazi wake tsiku lomwelo. Mudzi wonse unaunjikana pa boti lathu ngati pali ndewu.

Achimwene, bambo akowo, anali ataimirira pambali pa mpando, ketulo ili pamalo pake. Ansembe atatsala boti limodzi, achimwene anayang'ana mwana wawo. Kiyoji nkhope ngati mtembo wa m'madzi. Anayang'ananso ansembe. Kenaka anavula jekete la Misa, n'kuphimba chotsamira, anapatsa Denzo ketulo, n'kudziponya pa mpando.



Gonpei ndiye anayamba: "Masugoro, wasanduka mkwatibwi? Akukwatira ndani?"

Anthu kuseka. Achimwene makutu psuu, koma osasuntha. Miyendo atatambasula, buluku ataliyala uku ndi uku ngati nkhuku yofungatira.

Ansembe anakwera. "A Masugoro, lero simuimirira polandira dalitso?"

"Pepani Abambo. Maondo anga anatha. Sindingathe."

Fusae, mawu amenewa anawanena mokweza, mudzi wonse ukumva, mpaka ana. Munthu amene mbedza inamuboola dzanja n'kunena kuti ndi udzudzu! Kuseka kunatheratu. Ine ndinayang'ana kunyanja, mphepo inali itandilowa m'maso.

Ansembe anati, "Tasunthani pang'ono ndione ntchito ya mwana wanu, ndiidalitse."

"Dalitsani kudzera mwa ine, Abambo. Madzi afika."

Ansembe anawayang'ana, n'kuyang'ana kumwamba ngati akufunsa chilolezo. Kenaka anawaza, anawaza, mpaka achimwene madzi akudontha m'mphuno. Potsika, mphepo inakweza ngodya ya jekete, timabowo n'kuonekera. Ansembe anabwezeretsa jeketelo ndi dzanja lawo, akuyang'ana kwina. Achimwene sanaone, anali akupukuta kumaso. Ine ndinaona.

Kenaka maboti anazungulira gombe lonse kutsatira chifaniziro cha Maria. Achimwene sakanadzuka, ansembe anali m'boti lakutsogolo akuyang'ana m'mbuyo. Denzo akuti injini itatsokomola, achimwene anayamba kuitukwana, anaima pakati, anachita chizindikiro cha mtanda, n'kumaliza chitukwanocho. Pobwera analowa padoko ngati akuika dzira m'chisa. Ndipo potsika sanagwire phewa la munthu.

Dzulo anapita kunyanja atakhala. Lero chimodzimodzi. Ndaona ndi maso anga, ndipo ine sindinama pokhapokha pogulitsa nsomba. M'chipinda chakocho sungiramo mbatata.

Unditumizire mankhwala a nsabwe za m'mutu, si anga, ndi a mkazi wa Denzo.

Azakhali ako,
Tsuyako

Kashiura, 25 Ogasiti 1974

Achemwali anga okondedwa,

Atamandike Yesu Khristu, ndipo lero ndalemba ndi mtima wonse. Ndamva kuti Noboru wayamba kusewera panja. Mulungu ngwabwino.

Dzulo ndinakalapa. Ndinati ngati Ababa anatha kunena za maondo pamaso pa Gonpei, ine ndingalephere bwanji kuseri kwa katani? Ndinanena zonse, kuyambira pa rula. Kuseri kuja ndinamva ngati munthu akutsamwa.

"Kiyoji, phulusa limene unathira kumanda silikanadzaza ngakhale chipewa. Ndinadziwa tsiku lomwelo kuti china chatsala. Chinatsalacho ndinachimva fungo ndisanakwere boti."

Malipiro andipatsa kolona yathunthu. Anatinso lamulo silinasinthe, thabwalo lidzaotchedwa ndithu, koma Ababa akadzathana nalo. Pomaliza anati, "Kumanzere kwake kuli kamutu ka msomali wakale kamene kamaluma. Tonse tinavutika nako. Ukakakhomerere."

Ndikudzuka anandiitananso. "Bambo ako usawauze kuti ndikudziwa."

Apa ndiye pagona nkhawa yanga yatsopano, achemwali. Ndayambanso kukhala chete mwadala. Koma ulendo uno wondituma ndi wansembe, ndiye mwina tchimolo ndi lawo. Inu mukuona bwanji?

Ababa alemba kalata yawo okha, andiletsa kuwerenga. Ndaiika momwemuno.

Mlongo wanu,
Kiyoji

Fusae,

Ndine bambo ako. Uli bwanji. Ine ndili bwino.

Za Tsuyako usamvere, ndi wabodza chibadwire. Maondo anga alibe vuto. Pa mpando paja ndimakhalapo pobisa katundu wa mpingo amene mlongo wako anaba. Ansembe aja masiku ano amadutsa padoko nthawi iliyonse, amandipatsa moni wautali, ndiye sindingadzuke. Ndikachoka ine, mwana uja amugwira. Ntchito imeneyi ilibe wondilandira, choncho ku Osaka sindingabwere.

Ndatumiza kankoro, mkate uja wa mbatata. Ndi wa mwana, mwamuna wako asakhudze.

Pa chaka chatsopano ubwere naye Noboru. Ndidzamukhazika pamiyendo agwire chiwongolero, popeza miyendoyo ikungokhala.

Ubweretsenso kapilo kakang'ono. Si ka ine. Ndi kophimbira umboni.

Masugoro